Mkodzo ukudontha ndikamathamanga, kodi ndisiye?

Make Chisomo: Moni amayi ndi achemwali nonse pagulu pano. Ndakhala ndikuzengereza kulemba izi kwa masabata awiri chifukwa cha manyazi, koma ndaona kuti kukhala chete sikundithandiza. Ndili ndi zaka 33, ana awiri, wamng'onoyo ali ndi miyezi isanu. Ndisanaime ndinkathamanga makilomita 8 kapena 10 katatu pa sabata popanda vuto lililonse. Mwezi wathawu ndayambiranso. Kilomita yoyamba zonse zimakhala bwino, koma ndikafika yachitatu ndimamva kuti kabudula wamkati wanyowa, ndipo si thukuta ayi. Mkodzo ukutuluka wokha pang'onopang'ono, makamaka pamtsetse. Dzulo ndinabwerera kunyumba misozi ili m'maso. Chinanso, mimba yanga sinabwerere m'malo. Ndikamadzuka pabedi, pakati pa mimba pamatukuka kamzere kochokera pamwamba pa mchombo. Kodi kuthamangaku ndi kumene kukundiwononga? Ndisiye, kapena ndingolimbikira thupi lizolowera lokha?

Nangondo: Pepani achemwali, ndipo mwachita bwino kulemba. Ine zinandichitikira nditachira mwana woyamba. Ndinkavala padi n'kumathamanga, osauza munthu, chaka chathunthu. Mpaka lero ndimadandaula ndi chaka chimenecho, chifukwa thandizo linalipo, ine osadziwa kuti n'zothandizika.

Anti Nasibeko: Mwana wanga, ine ndine wamkulu pagulu pano, ndikuuzani mosabisa mawu. Siyani. Miyezi isanu thupi likadali lanthete. Mnzanga wina amene tinakulira limodzi chiberekero chinamutsika, anavutika zaka zambiri asanathandizidwe. Thupi likamakuchenjezani mverani. Kuyenda ndawala kukukwanirani.

Wothamanga_24: Anti, ndikupempha kusiyana nanu pang'ono. Ine sindinaberekepo, ndili ndi zaka 24, koma ndikathamanga mwamphamvu kumapeto kwa mpikisano nanenso ndimadontha. Anzanga awiri amene timathamanga nawo anandiululira zomwezo. Ndiye si nkhani ya uchembere yokha. Ifenso tisiye?

Anti Nasibeko: Ha, mpaka atsikana? Izi sindinazimvepo. Kwa ife nkhaniyi timaidziwa ngati ya amayi obereka ana ambiri.

Wa Mafizo: Moni nonse. Ntchito yanga ndi ya mafizo, ndipo amayi a vuto ili ndimawaona kawirikawiri. Mundilole nditalikitse pang'ono chifukwa mayankho afupiafupi ndi amene amasocheretsa anthu pa nkhaniyi.

Taganizirani mafupa a m'chiuno ngati beseni lobooka pansi. Chimene chatseka pansipo ndi minofu yokungika ngati nsalu, kuchokera pa fupa lakutsogolo kukafika pa kafupa ka kumapeto kwa msana. Mukafuna kuifufuza pa intaneti, dzina lake ndi pelvic floor, ndipo mnofu waukulu pamenepo umatchedwa levator ani. Pamwamba pake pakhala chikhodzodzo, chiberekero ndi thumbo lomalizira. Njira zitatu zimadutsa pa minofuyi: ya mkodzo, ya abambo ndi ya chimbudzi. Ndiye ntchito yake ndi iwiri, kunyamula ndi kutseka.

Tsopano mukamathamanga, phazi lililonse likagunda pansi thupi limalandira mphamvu yoposa kulemera kwanu kawiri kapena kupitirira apo. Zam'mimba zonse zimakankhira pansi nthawi yomweyo. Wothamanga amaponda pansi ka 160 kapena 170 pa mphindi imodzi, kutanthauza kuti pa mphindi 30 minofu imeneyi yagwira katundu pafupifupi ka 5,000. Ikakhala yamphamvu ndi yachangu, imadzikunga yokha phazi lisanafike pansi, inu osaganizako n'komwe. Ikatopa kapena ikachedwa pang'ono chabe, njira ya mkodzo imatseguka kamphindi, dontho n'kutuluka. N'chifukwa chake inu Make Chisomo kilomita yoyamba mumakhala bwino koma yachitatu zimavuta: minofu yatopa. Pamtsetse n'koipa kwambiri chifukwa phazi limagunda pansi mwamphamvu kuposa pamalo athyathyathya.

Pobereka, mbali ina ya mnofu umenewu imatanuka kupitirira katatu utali wake kuti mutu wa mwana udutse.  Miyezi isanu siyochuluka pa kuchira kwake.

Anti Nasibeko akunena zoona kuti thupi likuchenjeza. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa mawu oti siyani basi. Ine ndikuti bwererani m'mbuyo pang'ono, limbitsani, kenako mubwerere pamsewu.

Wothamanga_24: Nanga ife amene sitinabereke, chimachitika n'chiyani?

Wa Mafizo: Katundu amangoposa mphamvu ya minofu pa nthawi imeneyo. Izi zinadziwika kalekale. Mu 1994 dokotala wina wa ku America, Ingrid Nygaard, ndi anzake anafunsa atsikana ochita masewera pa yunivesite, onse osaberekapo, ndipo 28 pa 100 alionse anavomera kuti amadontha mkodzo pamasewera. Ku Sweden, mu 2002, anafufuza atsikana odumpha pa trampoline, chodumphirapo chotanuka ngati sipuling'i, ndipo 80 pa 100 alionse ankadontha. Atsikana amphamvu, athanzi, ang'onoang'ono. Mu 2020 Nygaard yemweyo pamodzi ndi Kari Bø wa ku Norway anasonkhanitsa kafukufuku wambiri pa funso lenileni limene tikukambiranali. Anapeza kuti amayi ochita masewera minofu yawo ya pansiyi imakhala yamphamvu mofanana kapena kuposa ya amayi osachita masewera, komabe akatswiri a masewera amadontha mkodzo pafupifupi katatu kuposa amayi ena. Zikumveka ngati zikutsutsana koma ayi. Minofu njamphamvu, koma ntchito imene ikupatsidwa ndi yaikulu kuposa. Anapezanso kuti masewera ofatsa ngati kuyenda amachepetsa vutoli.

Chimene ine ndimatengapo n'chakuti kuthamanga pakokha sikulimbitsa minofu imeneyi mokwanira kuti ipirire kuthamangako. Imafuna maphunziro akeake.

Naphiri: Ine anandiphunzitsa kuti ndikamakodza ndizidula mkodzo pakati, kenako n'kupitiriza, kangapo. Amati ndiwo ma Kegel amenewo. Yesani zimenezo achemwali, n'zosavuta.

Mzamba Wopuma: Ayi ayi Naphiri, chonde musazolowere zimenezo. Kudula mkodzo mungachite kamodzi kokha kuti muzindikire mnofu umene tikunenawu, basi. Mukamachita tsiku ndi tsiku mumasokoneza chikhodzodzo, chimayamba kusatulutsa mkodzo wonse, ndipo mkodzo wotsalira umaitana matenda. Dzina lakuti Kegel linachokera kwa dokotala wa amayi wa ku America, Arnold Kegel, amene analemba za mafizowa mu 1948. Kachitidwe kake n'kotere: gonani chagada kapena chammbali chikhodzodzo chilibe kanthu, finyani kumbuyo ngati mukuletsa mpweya woipa kutuluka pagulu, kenako kokerani m'kati ndi m'mwamba mpaka kutsogolo. Matako asafinyike, ntchafu zisagundane, ndipo mupitirize kupuma. Mukatero masulani kwathunthu. Kumasulako n'kofunika mofanana ndi kufinyako.

Pa zaka zanga zonse za ntchito ndinaona amayi ambiri amene ankaganiza kuti akukokera m'mwamba pomwe akuchima, kukankhira pansi. Amenewo amadziwonjezera vuto. N'chifukwa chake ndi bwino kuti kamodzi kokha munthu wodziwa akupimeni, akuuzeni ngati mukuchita bwino.

Naphiri: Zikomo amayi. Zaka zitatu ndakhala ndikuchita molakwika. Ndasiya lero.

Make Chisomo: Ndikuwerenga zonse, ndipo mtima wayamba kukhala pansi. A Mafizo, kangati pa tsiku? Ndipo ndidziwa bwanji kuti nthawi yobwerera pamsewu yakwana? Ine pa masabata 6 anandiyeza kuchipatala n'kundiuza kuti zonse zili bwino, ndiye ndinkayesa kuti ndaloledwa.

Wa Mafizo: Apa ndi pamene amayi ambiri amapunthwa, ndipo si kulakwa kwawo. Kuyeza kwa pa masabata 6 kumaona ngati chiberekero chabwerera, ngati bala lapola, ngati magazi asiya. Sikuyesa ngati thupi lingapirire kudumpha ka 5,000.

Mu 2019 akatswiri atatu a mafizo, Tom Goom, Gráinne Donnelly ndi Emma Brockwell, analemba malangizo a kabwereredwe ka mayi pa kuthamanga atachira. Iwo amati mayi asayambe kuthamanga miyezi itatu isanakwane, ndipo ngakhale itakwana ayambe wadziyesa. Mayesowo mungachite panyumba. Muyende mphindi 30. Muime ndi mwendo umodzi masekondi 10. Munjute ndi mwendo umodzi ka 10 mbali iliyonse. Muthamange pamalo amodzi mphindi imodzi. Mudumphe chamtsogolo ka 10. Mudumphe ndi mwendo umodzi pamalo amodzi ka 10 mwendo uliwonse. Zonsezi zichitike popanda kudontha, popanda ululu, ndiponso popanda kumva kulemera kapena kukoka kunsi. Chimodzi chikakanika, pamenepo ndi pamene pali ntchito yanu. Amayesanso mphamvu ya miyendo ndi matako, monga kunyamuka pampando ndi mwendo umodzi ka 20 ndi kuima pa zala ndi mwendo umodzi ka 20, chifukwa miyendo yofooka imasiyira chiuno katundu yense.

Za kangati: bungwe la NICE la ku Britain, limene limalemba malangizo a chithandizo kumeneko, limati kufinya kosachepera 8, katatu pa tsiku, kwa miyezi yosachepera itatu, moyang'aniridwa ndi wodziwa. Ine ndimauza amayi kuti azisakaniza mitundu iwiri ya kufinya. Kwina finyani n'kugwira masekondi angapo, kuyambira pamene mungathe mpaka mudzafike 10. Kwina finyani mwachangu n'kumasula mwachangu, chifukwa pothamanga changu ndi chimene chimafunika. Yambani mutagona, kenako mutakhala, pomaliza mutaimirira. Ambiri amathera pogona, n'kumadabwa kuti pamsewu palibe kusintha. Simuthamanga chogona, ndiye minofu iphunzire kugwira ntchito mutaima.

Ndikubwereza, miyezi itatu. Pakatha masabata awiri musanene kuti sizikuthandiza.

Make Tadala: Ine ndinachira pa opaleshoni ana onse awiri. Ndiye kuti izi sizikundikhudza eti? Mwana sanadutse kunsi.

Mzamba Wopuma: Zikukukhudzani mwanawe. Miyezi 9 minofu imeneyi inasenza mwana, nsengwa ndi madzi. Kubereka pa opaleshoni kumachepetsako kuvulala kwa kunsi, koma katundu wa pakati munasenza. Kuwonjezera apo pamimba panadulidwa, ndipo chilonda chikapola kunja m'kati mumakhala mukulimbabe kwa miyezi ingapo. Inunso musathamangire kuthamanga.

Nachisale: Ndikufuna kuyankhapo pa nkhani ya mimba ija, chifukwa aliyense wapita ku mkodzo. Kamzere kotukuka kamene mukunenako nanenso ndinali nako. Minofu iwiri yoyenda choimirira kutsogolo kwa mimba imalumikizidwa ndi kachikopa kopyapyala pakati. Mimba ikamakula kachikopako kamatanuka, minofu n'kutalikirana. Dzina lake ndi diastasis recti. Ine ndinkaika zala zitatu pakati pake pamwamba pa mchombo. Ndinalakwitsa pochita ma sit-up, kugona chagada n'kumadzuka pogwiritsa ntchito mimba, ka 50 tsiku lililonse kuti mimba iphwe, ndipo nthawi zonse pankatukuka ngati mzere wa m'munda. Nditasiya n'kuyamba zofatsa m'pamene zinayamba kusintha. Podzuka pabedi, yambani mwatembenukira chammbali, kenako mudzikankhe ndi dzanja.

Make Chisomo: Ndayesa pompano. Ndagona chagada, mawondo opinda, ndadzutsa mutu pang'ono. Zala ziwiri ndi theka zikulowa, ndipo pakatipo m'pofewa, zala zikumira.

Wa Mafizo: Mwaona bwino, ndipo mwatchula chinthu chofunika kuposa chiwerengero cha zala: kufewako. Ife timayang'ana kwambiri ngati kachikopako kakukungika mukagwiritsa ntchito mimba. Mayi angakhale ndi mpata wa zala ziwiri koma wolimba, n'kumathamanga bwinobwino. Musaope, n'zofala kwambiri. Kafukufuku wa ku Norway wa mu 2016 anapeza kuti amayi 60 pa 100 alionse anali ndi mpata umenewu pa masabata 6 atachira, ndipo pakutha pa chaka unatsala mwa mayi mmodzi pa atatu alionse.

Mimba ndi kunsi n'zogwirizana. M'kati mwa mimba muli mnofu wina wozungulira ngati lamba, dzina lake transversus abdominis. Pamwamba pali mnofu wopumira umene uli pansi pa mapapo. Pansi ndi minofu tikukambayi. Mukakoka mpweya, wopumira uja umatsika ndipo yapansi imatsikako pang'ono. Mukatulutsa mpweya, zonse zimakwera pamodzi. Ndiye yambani apa: potulutsa mpweya pang'onopang'ono, kokerani kunsi m'mwamba, ndipo mumva m'munsi mwa mchombo mukulowa m'kati pang'ono mokha. Mukazolowera, chitani zomwezo ponyamula mwana, pokwera masitepe, ndiponso musanatsokomole kapena kuyetsemula. Kufinya musanatsokomoleko kumathandiza amayi ena tsiku lomwelo.

Koma pali cholakwa china chimene ndimachiona mwa othamanga ambiri. Amakokera mimba m'kati mwamphamvu ulendo wonse kuti ioneke yaphwa. Taganizirani chubu cha mankhwala otsukira mano. Mukachifinya pakati, zam'kati zimapita kuti? Mimba ikamangika, mpweya suyenda bwino ndipo mphamvu yonse imatsikira kunsi. Lekani mimba ipume.

Nambewe: Nanga lamba uja womanga mimba? Ine ndimavala ndikamathamanga, amati amaphwetsa mimba msanga chifukwa umatuluka thukuta kwambiri.

Wa Mafizo: Nkhani yake ndi ya chubu yomwe ija. Lamba wothina amafinya pakati, katundu n'kutsikira pa minofu imene ili kale pa ntchito yaikulu. Thukuta lotuluka pamimba ndi madzi, si mafuta, mukamwa madzi amabwerera. Thupi silichotsa mafuta pamalo amene mwasankha inu, limachotsa ponseponse. Vulani pothamanga.

Nambewe: Mpake. Chiyambireni kuvala ndimamva kulemera kunsi ndikamaliza. Sindinaganize kuti n'zogwirizana.

Wothamanga_24: Funso lina. Ine ndikamathamanga ndimayesetsa kufinya kunsi njira yonse kuti ndisadonthe. Ndikulakwitsa?

Wa Mafizo: Inde, lekani. Yesani kufumbata chibakera mwamphamvu kwa mphindi 30 muone mmene dzanja lichitire. Mnofu wofinyidwa nthawi yonse umatopa msanga, ndipo sungathe kuyankha mwachangu phazi likagunda pansi. Pothamanga minofuyi imayenera kutsika ndi kukwera ngati sipuling'i. Mphamvu muipange kunyumba, pamsewu muisiye igwire yokha. Zimene mungasinthe pamsewu ndi izi: fupikitsani mapazi m'malo motalikitsa, pondani mofewa moti wina asamve phi phi phi, weramirani kutsogolo pang'ono kuchokera mu akakolo kuti nthiti zikhale pamwamba pa chiuno, ndipo musaumitse nsagwada. Pamtunda wokwera amayi ambiri sadontha, ndiye poyambiranso thamangani pokwera, potsika muziyenda.

Mlongo Wachete: Ndakhala pagulu pano nthawi yaitali osalembapo kanthu, koma apa ndiyenera kulankhula. Si aliyense amene ma Kegel amamuthandiza. Ine ndinkadontha pothamanga, ndinawerenga za ma Kegel, ndinachita mazana pa tsiku. Vuto linakula. Ndinayamba kumva ululu kunsi, kukhala malo amodzi ndi abambo kunali kowawa, ndipo mkodzo unkachedwa kuyamba ngakhale ndili wopanikizika. Atandipima anapeza kuti minofu yanga sinali yolekerera koma yomangika mopitirira, sinkamasuka n'komwe. Anandiletsa kufinya kwa kanthawi, n'kundiphunzitsa kupuma mozama ndi kumasula. Patapita miyezi m'pamene tinayamba zolimbitsa. Lero ndimathamanga makilomita 15 wouma. Chonde, ngati pali ululu, musangowonjezera kufinya. Kapimitseni.

Nangondo: Zikomo kwambiri achemwali polankhula. Nkhani ya ululu pogona ndi abambo ndi imene amayi timabisa kwambiri kuposa ya mkodzo.

Wa Mafizo: Zimene anena a Mlongo Wachete n'zoona ndithu, ndipo zimapezeka kawirikawiri mwa othamanga ndi amene amakonda kumanga mimba. Mnofu womangika si mnofu wamphamvu. Zizindikiro zake ndi zomwe atchulazo, kuphatikizapo kudzimbidwa ndi kuvutika kulowetsa tampon, kathonje koika m'njira ya abambo pa nthawi ya msambo.

Naphiri: Ine njira yanga ndi kusamwa madzi kuyambira usiku ngati mawa ndikuthamanga, ndipo ndimakodza kawiri kapena katatu ndisanatuluke pakhomo. Zimachepetsako.

Mzamba Wopuma: Naphiri, mwabweranso ndi china chondidetsa nkhawa. Mkodzo ukakhala wochepa ndi wakuda umayabwa chikhodzodzo, n'kumakupanikizani kwambiri. Kusowa madzi kumabweretsanso kudzimbidwa, ndipo kuchima kuchimbudzi tsiku ndi tsiku kumalemetsa minofu imeneyi zaka ndi zaka, mwina kuposa kuthamanga kwa theka la ola. Chimodzimodzi chifuwa chosatha, makamaka cha fodya. Kukodza kamodzi musananyamuke n'kwabwino, koma kupita kangapo mongoopa kumaphunzitsa chikhodzodzo kulira chisanadzaze. Imwani madzi monga mwa masiku onse. Kuchimbudzi ikani kampando kakang'ono pansi pa mapazi kuti mawondo akwere kuposa chiuno, muona kuti simuchima.

Ndiwonjezere chimodzi kwa amene akuwerenga mwakachetechete. Ngati mkodzo ukungotuluka usana ndi usiku osaleka, mutakhala kapena mutagona, makamaka pambuyo pa uchembere wovuta, imeneyo ndi nkhani ina. Ikhoza kukhala fistula, bowo pakati pa chikhodzodzo ndi njira ya abambo, ndipo mafizo sangaitseke, imafuna opaleshoni ndipo imachizika. Komanso magazi mu mkodzo, kuwotcha pokodza, kapena chotupa chimene mukuchimva kapena kuchiona panjira ya abambo, musadikire mayankho a pagulu. Pitani kuchipatala.

Anti Nasibeko: Chotupa chimenecho ndiye chimene chinamuchitikira mnzanga uja. Ndiye ndifunse ine tsopano, poti ndinayamba ndi kuletsa. Ndili ndi zaka 56, ndinasiya kusamba zaka zisanu zapitazo. Ndinkakonda kuthamanga pang'ono m'mawa, koma ndinasiya chifukwa cha zomwezi, sindinauze munthu. Ndinkati ndi ukalamba. Kodi kwa ine nthawi inatha?

Wa Mafizo: Anti, zikomo potikhulupirira. Nthawi sinathe. Mnofu umalimba pa msinkhu uliwonse ukaphunzitsidwa. Mayi akasiya kusamba, mahomoni a estrogen amachepa, ndipo khungu la njira ya mkodzo ndi ya abambo limapyapyala n'kuuma, motero kutseka kumavutirapo. Zofanana ndi zimenezi zimachitikanso kwa mayi woyamwitsa, ngati Make Chisomo, ngakhale kwa iwo n'zakanthawi ndipo si chifukwa chosiyira kuyamwitsa. Kwa inu, dokotala angathe kukulemberani estrogen wopaka kunsi ngati akuyenerani. Palinso kachipangizo kotchedwa pessary, kopangidwa ndi silicone, kamene kamaikidwa m'njira ya abambo kuti kachirikize chikhodzodzo kapena chiberekero. Amayi ena amakavala pothamanga pokha. Ngakhale amene chiberekero chatsika pang'ono amathandizidwa ndi mafizo, ndipo NICE imati apitirize kwa masabata osachepera 16. Ndikukulimbikitsani chifukwa pa msinkhu wanu mafupa amafunika katundu kuti asafooke, ndipo mtima umafunika ntchito. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita masewera ofatsa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Zimandipweteka kuona mayi akutaya zonsezi chifukwa cha chinthu chothandizika.

Anti Nasibeko: Ndamva mwana wanga. Mawu anga oyamba aja ndinawalankhula ndi mantha. Make Chisomo, musatsate njira yanga yongosiya mwakachetechete.

Kochi wa Atsikana: Ndimaphunzitsa atsikana othamanga, ndipo ndikufuna kulankhula ndi Wothamanga_24. Kodi mumasamba mwezi uliwonse? Ndikufunsa chifukwa mtsikana akamathamanga kwambiri koma akudya mochepera mphamvu imene akutaya, thupi limayamba kutseka ntchito zina. Msambo umasowa, mafupa amafooka mpaka kung'aluka, minofu sichira msanga, ndipo kudontha mkodzo kumapezeka kwambiri mwa atsikana otere. Komiti ya masewera a Olympic inatchula vutoli kuti RED-S mu 2014. Atsikana ambiri amasangalala msambo ukasowa, amati ndiye kuti akulimbikira. Si chizindikiro chabwino ayi. Amayi oyamwitsa amene akufuna kuchepetsa thupi msanga achenjerenso, chifukwa mkaka nawo umatenga mphamvu zambiri.

Wothamanga_24: Mwandigwira mtima a Kochi. Chaka chino ndasamba kanayi kokha, ndipo ndinkadya mochepa dala kuti ndipepuke pa mpikisano. Ndikaonana ndi dokotala sabata ino.

Make Chisomo: Ndachita mayeso aja madzulo ano mwana atagona. Kuyenda mphindi 30 kulibe vuto. Kuima ndi mwendo umodzi ndakwanitsa. Kuthamanga pamalo amodzi ndakwanitsa, ngakhale chakumapeto ndinamva kulemera pang'ono. Podumpha ndi mwendo umodzi, ndadontha pa kudumpha kwachinayi. Kunyamuka pampando ndi mwendo wakumanzere ndalekera pa 7. Ndiye ndaona ndi maso anga kuti thupi linali lisanakonzeke. Ndapeza wa mafizo a amayi, ndikaonana naye Lachinayi. Pakadali pano ndiziyenda ndawala ndi kupalasa njinga.

Nachisale: Pitani ndi mafunso olemba papepala achemwali, pamaso pa dokotala munthu umaiwala. Mukafunsenso za mimbayo, akaone ngati pamchombo palibe chotupa.

Make Chisomo: Amayi, ndabweranso patapita masabata 9 kuti ndikuuzeni mmene zilili, poti munandithandiza. Atandipima anapeza kuti ndinkafinya bwino koma ndinkangogwira masekondi atatu, ndipo mbali imodzi inali yofooka kuposa inzake. Tsopano ndikufika masekondi 8 nditaimirira. Pamimba mpata ukadali wa zala ziwiri koma pakati palimba, sipakutukukanso ndikamadzuka. Masabata atatu apitawa anandilola kuyamba: mphindi imodzi kuthamanga, ziwiri kuyenda, kasanu ndi kamodzi, n'kupuma tsiku limodzi pakati. Pano ndili pa mphindi zitatu kuthamanga, imodzi kuyenda. Maulendo asanu ndi awiri ndabwera wouma. Ulendo umodzi ndinadontha, tsiku limene mwana sanandigonetse usiku wonse ndipo msambo unali pafupi kuyamba. Anandiuza kuti masiku otere ndizichepetsa. Pamtsetse ndikuyendabe.

Wothamanga_24: Zosangalatsa achemwali! Nanenso ndasiya kufinya pamsewu ndipo ndawonjezera chakudya. Msambo wabwera mwezi uno. Kudontha kukadalipo ndikathamanga mwamphamvu kumapeto, koma kwachepa.

Anti Nasibeko: Make Chisomo, nditumizireni kumbali ndondomeko ya mphindi ija. Ine andiyeza pessary sabata yatha, ndipo Lolemba ndikufuna ndiyambe ndi mphindi imodzi yomweyo.